Osewera a rugby a Ireland amene saimba nawo nyimbo ya fuko

Mayi wina amene amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Dublin, likulu la Republic of Ireland, wanditumizira imelo. Akuti ankaonera masewero a Six Nations, mpikisano wa rugby wa matimu asanu ndi imodzi a ku Ulaya, pa TV ndi anzawo akuntchito, ndipo anadabwa kuona timu ya Ireland ikuimbiridwa nyimbo ziwiri. Pa nyimbo yoyamba osewera ena anangoima duu, pakamwa pali potseka. Mnzawo wina wa komweko anati: "Amenewotu si anzathu, ndi a mfumu ya ku London." Funso la mayiwa ndi lakuti: "Kodi si chipongwe kuvala yunifomu ya dziko n'kukana kuimba nyimbo yake? Wosewera wa Flames atachita zimenezi, Amalawi tingamusiye?"

Mayi, si chipongwe ayi, ndipo mnzanuyo anangokuuzani theka la nkhani. Flames ndi timu ya dziko limodzi, la boma limodzi ndi pulezidenti mmodzi. Timu yovala zobiriwira imene munaionayo ndi ya chilumba chonse cha Ireland, ndipo pachilumbapo pali maiko awiri. Chigawidwireni mu 1921, maboma 26 ali pansi pa Dublin ndipo lero ndiwo Republic of Ireland, pomwe maboma 6 a kumpoto, amene amatchedwa Northern Ireland, anatsala mu United Kingdom. Mnyamata wokulira ku Ballymena kumpoto, m'banja la Chipulotesitanti lomwe limadziona kuti ndi la Britain, amavala malaya omwewo ndi mnzake wa ku Limerick kumwera amene agogo ake anamenya nkhondo yothamangitsa Britain. Nyimbo yoyamba ija, Amhrán na bhFiann, ndi nyimbo ya fuko ya Republic of Ireland, imaimbidwa m'Chiairishi, ndipo mawu ake ndi a asilikali opita kukamenyana ndi Angelezi. Mukamuuza wa ku Ballymena uja kuti aimbe, mukumuuza kuti aimbire nkhondo makolo ake omwe.

Bungwe loyendetsa rugby, IRFU, linakhazikitsidwa mu 1879, malire asanalembedwe, ndipo atalembedwa linangopitiriza ngati kale. Ife Achewa zotere tikuzidziwa: malire a Malawi, Zambia ndi Mozambique anapeza ufumu wa Gawa Undi ulipo kale, ndipo mpaka lero anthu a maiko atatuwa amakumana ku Kulamba ku Mkaika. Rugby ya ku Ireland imayenda ndi zigawo zinayi zakalekale, Leinster, Munster, Connacht ndi Ulster, ndipo Ulster ya rugby ili ndi maboma 9: asanu ndi limodzi a ku Northern Ireland, kuphatikizapo Donegal, Cavan ndi Monaghan amene ali mbali ya Dublin.

Koma mpira wamiyendo unang'ambika. Likulu lake linali ku Belfast, mzinda waukulu wa kumpoto, ndipo matimu a ku Dublin ankadandaula za kukondera. Mu 1921 Shelbourne ya ku Dublin italepherana mphamvu ndi Glenavon pa ndime yachiwiri kwa yomaliza ya Irish Cup, inauzidwa kuti masewero obwereza akachitikirenso ku Belfast komweko. Inakana, ndipo chaka chomwecho a kumwera anayambitsa bungwe lawolawo, FAI.

Nanga rugby inapulumuka bwanji? Okonda masewerowa amati chifukwa rugby silowa ndale. Ine sindivomereza. Inapulumuka kwenikweni chifukwa oiyendetsa, a ku Dublin ndi a ku Belfast omwe, anali anthu a mtundu umodzi wa moyo: madokotala, maloya, a m'mabanki, ophunzira pa sukulu zolipira ngati Blackrock College. Ankasiyana tchalitchi koma ankadyera patebulo limodzi, ndipo ankadziwa nkhani zoyenera kuzisiya pakhomo. Makamaka ku Limerick ndi kumene rugby inali ya anthu wamba, ogwira ntchito zamanja. Mpira wamiyendo unali wa m'makwalala a Belfast, kumene nyumba zinkaotchedwa zenizeni.

Ndale zinalimo kuyambira kale. Mu 1954, Ireland itatsala pang'ono kusewera ndi Scotland pa bwalo la Ravenhill ku Belfast, osewera ochokera kumwera anauza akuluakulu kuti sakufuna kuimirira nyimbo ya mfumukazi ya Britain, imene inkaimbidwa masewero akakhala kumpoto. Anawanyengerera mpaka anasewera, koma kuchokera tsikulo timuyi sinasewerenso ku Belfast mpaka 2007. Kotero kwa zaka zoposa 50 a ku Ulster ndi amene ankayenda ulendo wa ku Dublin, kukaima pansi pa mbendera imene si yawo, kumva nyimbo imene si yawo, iwo ali chete. Willie John McBride ndi Mike Gibson a ku Ulster, amene ali m'gulu la akatswiri oposa onse amene Ireland inakhalapo nawo, anachita zimenezi moyo wawo wonse wosewera. Mnzanu uja akamanena kuti si anzawo, mufunseni kuti amene anagonjera mnzake kwambiri pamenepa ndani.

Ndiye panabwera zaka za mabomba, zimene kumeneko amazitcha Troubles, pamene anthu pafupifupi 3,500 anafa. Mu 1972 asilikali a Britain atawombera anthu ochita zionetsero ku Derry, mzinda wa ku Northern Ireland, ofesi ya kazembe wa Britain ku Dublin n'kuotchedwa, Scotland ndi Wales zinakana kupita ku Dublin ndipo mpikisano wa chaka chimenecho unathera panjira. Chaka chotsatira England inapita. Anthu pa Lansdowne Road, bwalo la rugby la ku Dublin, anaimirira n'kuiombera m'manja nthawi yaitali, kenaka timu yawo inaikwapula 18-9. Kaputeni wa England, John Pullin, anaseketsa anthu paphwando la madzulo ponena kuti mwina sadziwa kusewera, koma kubwera kokha amabwera.

Nkhani imene ine imandikhudza kwambiri ndi ya pa 25 April 1987. Osewera atatu a ku Ulster, Nigel Carr, David Irwin ndi Philip Rainey, anali pagalimoto kupita ku Dublin kukachita zokonzekera za chikho choyamba cha dziko lonse. Atafika pa Killeen, pafupi ndi malire, bomba la IRA, gulu la zida lomwe linkafuna kuchotsa Britain ku Northern Ireland, linaphulika. Linatcheredwa woweruza milandu Maurice Gibson, ndipo iye ndi mkazi wake Cecily anafera pomwepo. Anyamata atatuwo anapulumuka, koma Carr anavulala moti sanasewerenso timu ya Ireland. Munthu ankapita kukasewerera Ireland, n'kuvulazidwa ndi anthu amene ankati akumenyera Ireland.

Ku chikho cha 1987 komweko kunachitika zochititsa manyazi. Lamulo linali lakuti Amhrán na bhFiann imaimbidwa ku Dublin kokha, choncho kunja timu inalibe nyimbo. Pa masewero ndi Wales ku Wellington anangopeza kaseti ya The Rose of Tralee, nyimbo yachikondi, n'kuiika pa zokuzira mawu. Anthu anaseka, Ireland n'kugonja. Pokonzekera chikho cha 1995 ku South Africa, IRFU inapempha Phil Coulter wa ku Derry kuti apeke nyimbo yoti aliyense athe kuimba. Imeneyo ndiyo Ireland's Call, yachiwiri imene munaimva ija. Kunja amaimba yokhayo. Ku Dublin amaimba zonse ziwiri.

Anthu ambiri a kumwera amainyoza kuti ndi yozizira, yopanda mchere. Akunena zoona, koma anaipanga dala choncho. Sitchula mfumu, sitchula adani, sitchula tchalitchi. Imangotchula zigawo zinayi ndi kuima pamodzi. Nyimbo yamchere yokwanira ikanawawa mbali imodzi. Matimu a hockey ndi cricket, amenenso ndi a chilumba chonse, anaitengera.

Popeza muli ku Dublin, mudzapite ku Croke Park. Ndi bwalo la GAA, bungwe la masewero achikhalidwe cha Ireland, lomwe mpaka 1971 linkaletsa mamembala ake kusewera ngakhale kuonera rugby ndi mpira wamiyendo poti ndi masewero a atsamunda. Pa bwaloli, pa 21 November 1920, apolisi ndi asilikali a boma la Britain anawombera anthu oonera mpira wachikhalidwe wa Gaelic, ndipo 14 anafa, mmodzi wa iwo wosewera Michael Hogan, amene mbali ina ya bwalo inatengera dzina lake. Lansdowne Road ikumangidwanso, GAA inafewetsa lamulo lake, ndipo pa 24 February 2007 England inabwera kudzasewera pamenepo. Masabata onse anthu ankangokamba za nyimbo ya mfumukazi: kodi aikuwiza? Sanaikuwize. Khamu la anthu oposa 80,000 linakhala chete mpaka inatha, kenaka linaimba yawo, chimphona John Hayes misozi ili chuchuchu. Ireland inapambana 43-13.

Musaganize kuti IRFU ndi bungwe la angelo. Mawu omwewo akuti "sitilowa ndale" ndi amene linabisalamo potumiza timu ku South Africa ya tsankho mu 1981, boma la Ireland likutsutsa, gulu la Kader Asmal lolimbana ndi tsankho likuchita zionetsero. Osewera ena, monga Tony Ward ndi Moss Keane, anakana kupita. Kwa ife a kum'mwera kwa Africa kuno, chaka chimenecho n'chovuta kuchiiwala.

Ngakhale ochemerera a lero mkangano sunawathere. Pa chikho cha 2023, Ireland itagonjetsa South Africa 13-8 ku Paris, bwalo lonse linaimba Zombie ya gulu la The Cranberries la ku Limerick. Nyimboyi inapekedwa bomba la IRA litapha ana awiri ku Warrington mu 1993. Ena a kumpoto anakwiya kuti anthu a kumwera, amene moto sunawaotche, akuwaimbira nyimbo ngati kuti mavuto awo anali ongoganizira. Ambiri m'bwalomo ankangoimba chifukwa nyimboyo imakoma pakhamu, atamwako pang'ono. Mbali zonse ziwiri zinali ndi mfundo, ndipo anakangana pa intaneti sabata yathunthu.

Dziwaninso kuti si aliyense wotseka pakamwa amene ndi wa ku Ulster. Ena anabadwira ku New Zealand kapena ku South Africa ndipo anayenerezedwa chifukwa chokhalitsa m'dzikomo. Chiairishi n'chovuta ngakhale kwa eni ake ambiri. Ena amangokhala maganizo ali pa masewero. Richardt Strauss wa ku South Africa ndiye anachita kuiloweza, n'kuiimba mokweza tsiku lake loyamba mu 2012, Ireland ikusewera ndi dziko lakwawo lomwe. Rory Best wa ku Armagh anakhala kaputeni kuyambira 2016 mpaka 2019, anasewera masewero 124, ndipo mu 2018 anatsogolera timu kugonjetsa matimu onse asanu a Six Nations, osaimba Amhrán na bhFiann.

Pangano la mtendere la Good Friday la 1998 limati munthu wa ku Northern Ireland ali ndi ufulu wodzitcha wa Ireland, wa Britain, kapena zonse ziwiri. Mnzanu uja akadzabwerezanso mawu ake, mukhoza kumukumbutsa kuti anthu a ku Republic anavomereza zimenezi pa riferendamu ndi mavoti oposa 94 pa 100 alionse. Koma musankhe nthawi yake, makamaka ngati pa shifiti yanu pali wina wa ku Belfast kapena ku Derry.