Ilha de Moçambique: tsiku limodzi silikwana

Mayi wina wandilembera imelo. Akuti mwezi wamawa akupita ku Nampula pa zantchito ndipo adzakhala ndi masiku awiri opuma. Akufunsa ngati angapite ku Ilha de Moçambique, chilumba cha kumpoto kwa Mozambique, m'mawa n'kubwerako madzulo ake, komanso kuti akadye chiyani poti nkhanu ndi zina zazigoba sadya.

Mayi, n'zotheka, koma musatero. Kuchokera ku Nampula ndi makilomita pafupifupi 180, ndipo ma chapa, minibasi zakumeneko, sanyamuka asanadzaze. Mukafika dzuwa litakwera, thukuta lili kamukamu, n'kuyamba kale kudera nkhawa zobwerera. Kagoneni konko.

Chilumbacho n'chaching'ono, makilomita ngati 3 m'litali, moti mlatho wopapatiza wopitira kumeneko, womangidwa m'zaka za m'ma 1960, ndi wautali kuposa chilumba chenichenicho. Mukangowoloka, miyendo yanu ikukwanirani.

Yambirani kumpoto, m'mamawa kusanatenthe. Kumeneko kuli linga la São Sebastião lomwe Apwitikizi anayamba kumanga mu 1558. Adatchi analizinga mu 1607, anabweranso mu 1608, koma maulendo onse awiri anabwerera chimanjamanja. Kuseri kwa lingalo, pathanthwe lomwe mafunde amawombapo, pali katchalitchi ka Nossa Senhora de Baluarte ka mu 1522, komwe amati ndi nyumba yakale kwambiri mwa zomangidwa ndi Azungu kum'mwera konse kwa dziko lapansi. N'kakang'ono zedi, musakhumudwe. Kenako tsikirani ku nyumba yofiira ya São Paulo, yomwe inayamba ngati sukulu ya ansembe achiJesuit mu 1610, n'kudzakhala nyumba ya bwanamkubwa. Lero ndi yosungiramo zinthu zakale. Pachilumba pano ndi pomwe panali likulu la Apwitikizi ku Mozambique mpaka mu 1898 pamene analisamutsira ku Lourenço Marques, Maputo wa lero, ndipo dzina la dziko lonse linachokera pa kachilumba komweka.

Alendo ambiri amathera pamenepo, ajambula zithunzi za makoma akale, basi ulendo. Ine ndikuti pitirizani kum'mwera, ku Macuti, komwe kumakhala anthu ambiri a pachilumbapo. Mukaona kuti nyumba zake zili m'munsi, msewu uli pamwamba. Chifukwa chake n'chakuti miyala yomangira tauni ya atsamunda ankaikumba kumeneko, ndipo anthu wamba anamanga m'maenje otsalawo. Kumbukiraninso kuti padoko limeneli panadutsa akapolo ambirimbiri opita ku Brazil ndi ku zilumba monga Réunion. Pali malo owakumbukira otchedwa Jardim da Memória. Wokuperekezani akamangotama kukongola kwa nyumba osatchula zimenezi, mufunseni.

Tsopano za m'mimba. Chofunika kulawa ndi matapa de siri-siri. Matapa wamba ndi chigwada chosinja, chophikidwa ndi mkaka wa kokonati ndi nsinjiro, koma pachilumbapa amaphikanso siri-siri, kachomera komera m'mphepete mwa nyanja, komvekera kamchere pang'ono. Chenjerani apa: ophika ambiri amaponyamo nkhanu kapena camarão (ma prawns pa Chingerezi). Nenani msanga kuti “sem camarão, sem caranguejo”, kutanthauza kuti asaikemo camarão kapena nkhanu, ndipo mubwereze, chifukwa kwa iwo kukuikirani zimenezi n'kukulemekezani. Nsomba yowotcha pamakala ndi mpunga wa kokonati sizingakukhumudwitseni. Mukaulakalaka ufa, itanitsani xima, nsima yakumeneko. Piri-piri muyambe mwalawa kansonga kasupuni, ndi wolusa. Mtedza wa kashu ndiye musasiye, chigawo cha Nampula chimalima wambiri.

M'malesitilanti a m'tauni yamiyala chakudya n'chabwino koma chimachedwa, mtengo wakenso ndi wa alendo. Kulibwino mufunse a pamalo ogona kuti eni dera amadya kuti, muitanitsiretu masana chakudya chamadzulo.

Anthu ambiri kumeneko ndi Asilamu, choncho mukamapita ku Macuti mangani chitenje. Amayi odzola mussiro, ufa woyera wa mtengo, kumaso, musawajambule musanapemphe. Ndalama za metical mutengeretu zokwanira ku Nampula, osadalira khadi, ndipo galimoto yobwerera muifunsiretu usiku, poti zambiri zimanyamuka kusanache.