Kodi mwana wanga amangomva poonera mavidiyo basi?

Mayi wina wa ku Rosettenville, ku Johannesburg, watilembera za mwana wawo wamkazi yemwe ali mu Giredi 8. Mtsikanayu adayankha mafunso ena pa intaneti, ndipo zotsatira zake zidamuuza kuti iye ndi munthu wophunzira poona. Kuyambira tsiku limenelo sakufunanso kutsegula buku la Natural Sciences, akuti amangomva za pa YouTube, koma malikisi ake akunka natsika. Mayiwo akufunsa ngati amuwonjezere data kapena amulande foni.

Amayi, foniyo musamulande, komanso musafulumire kuwonjezera data. Mwana amene wayamba kudzifunsa yekha kuti amaphunzira bwanji wayamba bwino, ndipo chimene chikufunika ndi kumuthandiza kuti afufuze nkhaniyi mpaka pamapeto, osaimira pa dzina limene wapatsidwa ndi mafunso ochepa a pa foni.

Ambiri mwa mafunso oterewa amatsatira maganizo otchedwa VARK, amene mphunzitsi wa ku New Zealand, Neil Fleming, adawayambitsa mu 1987. Iye adagawa ophunzira m'magulu anayi: omva poona, omva pomvetsera, omva powerenga ndi kulemba, ndiponso omva pogwira chinthu ndi manja. Maganizowa adafala kwambiri chifukwa kholo lililonse limaona ndithu kuti ana amakonda njira zosiyana. Koma mu 2008, Harold Pashler ndi akatswiri anzake atatu atasanthula kafukufuku amene adalipo, sadapeze umboni wokwanira wosonyeza kuti mwana amakhoza bwino akamaphunzitsidwa m'njira yokhayo imene amaikonda. Nthawi zambiri phunzirolo ndi limene limalamula njira: mapu a mu Social Sciences amafuna maso, katchulidwe ka isiZulu kapena Afrikaans kamafuna makutu ndi pakamwa, pomwe masamu safuna china koma pensulo ndi pepala, ngakhale mwanayo ataonera mavidiyo usiku wonse.

Vuto la vidiyo ndi loti imapusitsa. Wofotokozayo amalankhula momveka, zithunzi zimayenda bwino, ndipo mwana amadzuka pampando akukhulupirira kuti wamva, chonsecho ntchito yonse yagwiridwa ndi munthu wina. Kuwerenga tsamba limodzi kangapo n'kumalemba mizere ndi cholembera chautoto kumapusitsanso chimodzimodzi. Mu 2006, akatswiri a kafukufuku Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke adaonetsa kuti ophunzira amene adatseka zowerenga n'kuyesa kukumbukira okha adasunga zambiri patapita sabata kuposa amene adangobwereza kuwerenga. Pamenepa ndi pamene pali muyeso umene inu ndi mwana wanu mungagwiritse ntchito kunyumba popanda kulipira kalikonse.

Mugwirizane naye kuti asankhe mitu iwiri yofanana kulimba kwake. Mutu woyamba auphunzire poonera vidiyo monga akufunira, wachiwiri auwerenge m'buku n'kujambula yekha chithunzi chake ndi mawu ake. Padutse masiku awiri. Kenako madzulo, inu mukuvundula nsima, iye aike buku ndi foni kutali, akhale pafupi ndipo akufotokozereni m'Chichewa momwe tsamba la chimanga limapangira chakudya kuchokera ku madzi, mpweya wa carbon dioxide ndi kuwala kwa dzuwa. Simufunika kudziwa sayansi kuti mumve pamene wakakamira. Akayamba kunena kuti "paja… paja chiyani…" n'kumayang'ana kudenga, pamenepo ndi pamene pali dzenje, ndipo alembe malowo m'kope kuti mawa abwererepo. Mukachita zimenezi kwa milungu ingapo ndi maphunziro osiyanasiyana, iye mwini adzaona njira imene ikumusiyira zinthu m'mutu, ndipo n'kutheka kuti adzapeza kuti vidiyo imamuthandiza poyambira pokha, pomwe kujambula ndi kufotokoza ndi kumene kumakhazikitsa phunziro.

Pali chinthu china chimene ndimachiona kawirikawiri mwa ana athu kuno ku Johannesburg, ndipo chimandikhudza kwambiri chifukwa chimabisala. Mwana amalankhula Chichewa kunyumba, isiZulu pabwalo la sukulu, koma mayeso amalemba m'Chingerezi cha m'mabuku, chomwe n'cholimba kuposa chimene amacheza nacho ndi anzake. Mwana wotere akanena kuti amamva poona, nthawi zina akutanthauza kuti mawu a m'bukumo akumulemera ndipo akuchita manyazi kunena. Muuzeni awerenge tsamba limodzi mokweza, alembe mawu onse amene sakuwadziwa. Akachuluka, mankhwala ake ndi kope laling'ono la mawu atsopano, lokhala ndi tanthauzo m'Chichewa ndi chiganizo chake chimodzi m'Chingerezi. Ngati amatsinzina diso poyang'ana pabolodi kapena amadandaula mutu akawerenga, pitani naye kukliniki akamuyeze maso.

Kusiyana kwenikweni kwa ana kumaonekanso pa nthawi ndi malo. Wina mutu umamuyera m'mamawa asanakwere takisi, wina amafuna kaye kudya ndi kupuma akaweruka. Ambiri a ife timakhala m'chipinda chimodzi kapena ziwiri momwe wailesi ya kanema imalira mpaka usiku, choncho theka la ola lachete tsiku lililonse lingamuchitire zambiri kuposa maola anayi a Lamlungu lokha.

Ndikukupemphani kuti musaichedwetse nkhaniyi, chifukwa chakumapeto kwa Giredi 9 mwana wanu adzasankha maphunziro asanu ndi awiri amene adzayende nawo kuyambira Giredi 10 mpaka matric: zilankhulo ziwiri, Life Orientation, Mathematics kapena Mathematical Literacy (masamu a m'moyo wa tsiku ndi tsiku), ndi ena atatu osankha. Mwana amene wadzikhulupiritsa kuti iye ndi wa zithunzi kapena wa ntchito za manja amathawira ku Mathematical Literacy asanayese n'komwe, osadziwa kuti madigiri a uinjiniya ndi udokotala amafuna Mathematics, ndipo nthawi zambiri Physical Sciences. Mathematical Literacy si phunziro lonyozeka, ndipo pali ntchito zambiri zabwino zimene limatsegulira njira, koma kulisankha kuchokere pa malikisi enieni ndi pa ntchito imene mwanayo akulakalaka. Mabuku a masamu ndi sayansi a Siyavula amapezeka kwaulere pa intaneti, ndipo ku Sci-Bono Discovery Centre ku Newtown kuli zoyeserera za sayansi zogwira ndi manja komanso uphungu wa ntchito. Pa msonkhano wotsatira wa makolo, mutenge kope la malo ovuta lija mukamuonetse mphunzitsi wa Natural Sciences, ndipo mumufunse kuti mwa mitu imeneyo ndi iti imene mwana ayenera kuigwira bwino temu isanathe.