Kwa achemwali amene mwafunsa za nyama ndi khansa ya m'matumbo

Achemwali, pepani kwambiri ndi matenda a bambo. Mwafunsa ngati nyama yowotcha imene amaikonda ija ndi imene yawadwalitsa khansa ya m'matumbo, komanso ngati banja lonse lisiye nyama. Nkhaniyi yandikhudza chifukwa ifenso tinadwazikapo malume athu nthenda yomweyi.

Chonde musawaloze chala bambo. Palibe dokotala amene anganene kuti mbale yakutiyakuti ndi imene yadwalitsa munthu uyu. Khansa imeneyi kawirikawiri imayamba ngati kachotupa kakang'ono m'kati mwa thumbo lalikulu, ndipo kamatha zaka 10 kapena kuposerapo kasanasanduke khansa. Ukalamba umathandizira, za kumtundu nazonso. Chakudya chimangokweza kapena kutsitsa chiopsezo.

Komabe nyama ili ndi mbali yake. Mu 2015, IARC, nthambi ya WHO (bungwe loona zaumoyo padziko lonse) yofufuza za khansa yomwe ili ku Lyon m'dziko la France, inaika soseji, polony, ham, bacon ndi nyama ya m'chitini m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa. Inapeza kuti kudya magalamu 50 tsiku lililonse, omwe ndi pafupifupi soseji imodzi, kumakweza chiopsezo ndi 18 peresenti. Nkhani yagona pa mawu akuti tsiku lililonse. Soseji ya pa Khirisimasi siindiopsa ine. Chimandidetsa nkhawa ndi polony uja timapana m'buledi m'mawa uliwonse ana akamapita kusukulu, ife n'kumati ndi chikondi.

Ya ng'ombe, ya mbuzi ndi ya nkhumba musaisiye, ingochepetsani. A World Cancer Research Fund amati isapitirire magalamu 500 yophikaphika pa sabata, tinene kuti katatu. Kanyenya wopserera mpaka kuda bii, uja mafuta ake amadonthera pamakala utsi n'kumabwerera m'nyama momwemo, asakhale wa madzulo alionse. Masiku enawo usipa, matemba, nkhuku, mazira.

Koma ine ndikufuna tikambe za nsima. Denis Burkitt, dokotala amene anagwira ntchito zaka zambiri ku Uganda, anazindikira kalekale kuti khansa imeneyi inali yosowa pakati pa anthu akumudzi kuno ku Africa, ndipo cha m'ma 1970 anayamba kulozera ku chakudya chawo chosachotsa gaga. Pa kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2015, ofufuza anasinthanitsa kadyedwe ka anthu akuda 20 a ku Pittsburgh ku America ndi anthu 20 akumudzi ku KwaZulu-Natal. Masabata awiri okha, m'matumbo mwa a ku America aja, amene anapatsidwa za chimanga, nyemba ndi masamba, zizindikiro za chiopsezo zinatsika. Mwa anzathu a ku South Africa amene anapatsidwa zamafuta ndi nyama zinakwera. Zimene thupi siligaya za mu gaga, nyemba ndi masamba zija ndi zimene zimadyetsa tizilombo tabwino ta m'thumbo, komanso zimathandiza chimbudzi kuti chisamakhalitse.

Ndiye taonani zimene timachita ife. Timakonola chimanga, kuviika mphale masiku angapo, kuyanika, kugayitsa, ufa woyera mbee. Madeya, momwe muli zoteteza thumbo, tikupatsa nkhuku ndi nkhumba. Mgaiwa timauyesa wa amphawi kapena wa kuboarding. Ngati kunyumba akuukana, yambani n'kusakaniza theka ndi theka, azolowera. Nyemba, nandolo, khobwe, bonongwe, chisoso, nkhwani wotendera, mbatata m'malo mwa buledi, gwafa: zonsezi zili pamsika pompano, ndipo n'zotchipa kuposa soseji.

Mowa umakweza chiopsezo, kaya ndi kachasu kaya wam'botolo wodula. Fodya chimodzimodzi. Chimimba chimene timachitcha chizindikiro cha ndalama nachonso n'chiopsezo, pamodzi ndi kukhala pampando tsiku lonse. WHO imati mphindi 150 pa sabata zolimbitsa thupi, ndipo kuyenda ndawala kapena kulima kumawerengedwa.

Malume anga ankaona magazi m'chimbudzi pafupifupi chaka chathunthu. Anachita manyazi kunena, kenako pakachipatala kena anawauza kuti ndi mudzi, kwina anati ndi kamwazi. Tinazindikira lamba atayamba kuboola mabowo atsopano, thalauza likugwa, m'manja muli mbuu kusowa magazi. Pofika kuchipatala chachikulu inali itafalikira kale. Magazi m'chimbudzi, kudzimbidwa kosinthana ndi kutsegula m'mimba kwa masabata angapo, kuwonda kosadziwika bwino, musazilekerere ngakhale muli wachinyamata. Chadwick Boseman, katswiri wa mafilimu wa ku America, anamwalira nayo mu 2020 ali ndi zaka 43.

Popeza ndi bambo anu okuberekani, inu ndi abale anu onse muwauze madokotala zimenezi. Kawirikawiri amalangiza kuunika thumbo ndi kakamera, colonoscopy, kuyambira zaka 40, kapena zaka 10 musanafike msinkhu umene bambo apezeka nayo. Akapeza kachotupa kaja amakachotsa pomwepo. Funsani ku Queens kapena ku Kamuzu Central.

Bambowo musawamane chakudya panopa. Akufunika mphamvu, ndipo akachitidwa opaleshoni mwina adzawauza kuti ayambe apewa kaye nyemba ndi mgaiwa. Tsatirani za adokotala awo. Tikuwapempherera, mutiuzeko m'mene akupezera.