Chifukwa chiyani filimu ya Wanted inasiyana kwambiri ndi buku lake?

Wowerenga wina wandilembera pa imelo sabata ino. Akuti anaonera filimu ya Wanted ali mnyamata, m'kanyumba koonetsera mavidiyo pamsika, ndipo posachedwapa wawerenga buku la zithunzi limene filimuyo inachokera. Funso lake n'lakuti: "Bwanji nkhani ziwirizi sizikufanana? Kodi opanga filimu anawononga dala?" Wafunsanso za zipolopolo zimene zimauluka mokhota mu filimumo.

Achimwene, zikomo polemba. Yankho lalifupi n'lakuti inde, anasintha dala. Koma sindikuvomereza kuti cholinga chinali kuwononga. Anali ndi vuto lenileni, ndipo mmene analithetsera ndi pamene pali nkhani.

Bukuli analemba ndi Mark Millar wa ku Scotland, zithunzi anajambula J.G. Jones, ndipo linayamba kutuluka mu 2003 kudzera ku kampani ya Top Cow, m'timabuku 6. Mmenemo mulibe gulu la opha anthu pofuna kuteteza dziko ngati la mu filimu. Muli zigawenga zamphamvu zodabwitsa, zija zimalimbana ndi ngwazi zovala zobisa nkhope. Mu 1986 zigawengazo zinagwirizana, zinapha ngwazi zonse, n'kuchititsa anthu kuiwala kuti ngwazizo zinakhalapo. Wesley Gibson, kalaliki wonyozeka amene chibwenzi chake chikuyenda ndi mnzake wapamtima, akuuzidwa kuti bambo ake anali chigawenga chotchuka ndipo malo awo akumudikira. Akalowa, sasanduka munthu wabwino. Amapha aliyense amene anamulakwirapo, amachita nkhanza zoti sindingazilembe pano, ndipo pamasamba omaliza amatembenukira kwa iwe wowerenga n'kukunyoza chifukwa cha moyo wako wamba.

Ndiye taganizani kuti ndinu a Universal, kampani yopanga mafilimu, mwaika madola pafupifupi 75 miliyoni, mwalemba ntchito Angelina Jolie, Morgan Freeman ndi James McAvoy. Buku munthu amawerenga yekha, akanyansidwa amalitseka. Filimu imafuna kuti anthu odzaza holo akhale kumbali ya Wesley kwa maola pafupifupi awiri, mtima uli m'mwamba pomufunira zabwino. Palibe angamufunire zabwino Wesley wa m'buku. Komanso zigawenga za Millar zinapangidwa mofanizira adani a Batman ndi Superman, moti amene amamva kukoma kwake ndi amene anakulira pa mabuku oterowo. Munthu wongolowa mu holo sangazitolere.

Choncho mu filimu ya 2008, imene anawongolera Timur Bekmambetov wobadwira ku Kazakhstan, anasunga chiyambi chokha: ofesi, bwana wovuta, chibwenzi chosakhulupirika, ndi pamene Wesley akukakamizidwa kuwombera mapiko a ntchentche. Zotsalazo anamanga zatsopano. Gulu limene Wesley amalowa, lotchedwa Fraternity, linasanduka la owomba nsalu amene anayamba kupha anthu zaka 1,000 zapitazo, ndipo likubisala m'fakitale ya nsalu ku Chicago.

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitse. Gulu lachinsinsi la opha anthu likalowa mu filimu, limafunika kupatsidwa chifukwa chophera choti oonera achilandire. Wanted inabweretsa makina owomba nsalu amene amatchula mayina. Sloan, mtsogoleri wa gululo, amayang'anitsitsa nsalu ndi galasi: ulusi ukadutsa pamwamba ndi nambala ina, ukadutsa pansi ndi ina, 1 kapena 0, ndipo manambalawo akasanjidwa amatulutsa dzina la munthu woyenera kufa. Wakuphayo safunsa mlandu. Fox, mkazi wa m'gululo amene amaphunzitsa Wesley, amamufotokozera kuti bambo a Fox-yo, amene anali woweruza milandu, anaphedwa ndi munthu amene dzina lake linatuluka kale pansalu koma wotumidwayo anachita mantha kuwombera. Ndi kankhani kameneka filimu ikutiuza kuti kukayikira ndiye tchimo, kupha ayi.

Ambiri amaseka makina amenewa. Ine sindiseka, chifukwa opanga filimu anaona bwino pamene pali ngozi: amene amawerenga nsalu ndi munthu mmodzi. Zimadziwika pambuyo pake kuti Sloan anaona dzina lake lomwe litatuluka, anabisa, n'kuyamba kupeka mayina kuti apeze ndalama. Cross, amene Wesley anaphunzitsidwa kumusaka, anali bambo ake enieni amene anatulukira chinyengocho. Mbali imeneyi ndi yolembedwa mwanzeru, ndipo m'buku mulibe.

Chimene chimandipweteka n'chakuti filimu inaima pakati panjira. Inatsutsa Sloan koma sinatsutse nsalu. Fox atamva kuti mayina a onse a m'gululo, ndi lake lomwe, anatuluka, amawombera chipolopolo chimodzi chozungulira chipinda, kupha anzake onse n'kumaliza ndi iye mwini. Chithunzicho n'chokongola kuchiona, koma tanthauzo lake n'lakuti makinawo ankanena zoona, wolakwa anali wowerenga chabe. Buku la Millar n'lankhanza, ndipo sindilipereka kwa mwana, koma silinamizira kuti kupha kwa Wesley kuli ndi chilungamo. Filimu inachotsa uve wa m'buku n'kusiya kupha kwenikweniko kutavala zoyera. Pa mfundo imeneyi ndikuona kuti buku ndi loona mtima kuposa filimu.

Mwafunsanso za zipolopolo zokhota. Zimenezo n'za filimu, ndipo m'moyo weniweni kupotoza dzanja sikungakhotetse chipolopolo chikatuluka mumfuti. Koma ndikumvetsa chifukwa chake anaziika. Pa pepala wojambula amaimitsa nthawi, iwe n'kuyang'ana chithunzi chimodzi mmene ungafunire. Bekmambetov anafunafuna njira yochitira zomwezo pa kanema: kuchedwetsa chithunzi, kutsata chipolopolo, ngakhale kuchibweza m'mbuyo mpaka kumfuti imene chachokera. Pamenepo anakhulupirika ku mzimu wa buku la zithunzi ngakhale anataya nkhani yake. Filimuyo inapeza madola oposa 340 miliyoni padziko lonse ndipo inasankhidwa kupikisana pa mphoto ziwiri za Oscar pa nkhani ya kamvekedwe.

Si mabuku onse amasinthidwa chonchi. The Old Guard ya 2020, ya asilikali aganyu osafa, inatsatira kwambiri buku lake, ndipo mlembi wa bukulo, Greg Rucka, ndi amenenso analemba nkhani ya filimu. Komabe anthu a Rucka anali kale ndi chikumbumtima, panalibe chambiri chofunika kuchapa. Ngati mukufuna kuona mmene buku limaonekera likasamutsidwa osaphwanyidwa, yambani ndi imeneyo, muwerenge kaye kenako muonere. Mukatero mundilemberenso, makamaka pa za Nile, msilikali wamkazi amene amalowa chatsopano m'gulu la osafawo, chifukwa mu filimu anamupatsa mbali yaikulu kuposa imene ali nayo m'buku.