Hu Shih: mphunzitsi kapena kazembe?

Achimwene mwafunsa ngati Hu Shih anali mphunzitsi kapena kazembe. Zonse ziwiri, koma kwa ine uphunzitsiwo ndiwo ukulemera. Anabadwa ku China 1891, mu 1910 anapita ku America kukaphunzira zaulimi ku yunivesite ya Cornell koma zamundazo sizinamukomere, anasintha nkuyamba filosofi, kenako ku yunivesite ya Columbia komwe anaphunzitsidwa ndi John Dewey, katswiri wa filosofi.

Chomwe chinamutchukitsa kwenikweni ndi nkhani ya kalembedwe. Nthawi imeneyo ku China amalemba mchilankhulo chakalekale choti munthu wamba samatolapo kanthu, ndiye mkuluyu mu 1917 analemba mmagazini ya New Youth kuti aaa tizilemba mmene anthu amayankhulira basi, ndipo pofika 1920 boma linalamula kuti makalasi oyambirira a pulayimale aziphunzira choncho. Imeneyo sinali nkhani yamasewera.

Ukazembe unabwera chifukwa cha nkhondo ndi Japan, boma la Chiang Kai-shek, mtsogoleri wa China nthawi imeneyo, linamutumiza ku Washington 1938 mpaka 1942, amangozungulira kuyankhula kuti America ithandize China. Mu 1946 anakhala mkulu wa Peking University, anachoka 1948 asilikali a makomyunisiti atayandikira mzinda wa Peking. Anamwalira ku Taiwan 1962 akutsogolera Academia Sinica, bungwe lalikulu la kafukufuku kumeneko.