Kuyeza chipale chofewa ndi ana

Funso: Ndimakhala ku Aberdeen, m'dziko la Scotland, ndipo ana anga amakondwa kwambiri chipale chofewa chikagwa. Kodi angapange chiyani choti aziyezera kuchuluka kwake? Mayi wa ana awiri.

Yankho: Mayi, apezereni kathabwa kowongoka kuti akapake utoto, kenako alembepo mizere ya masentimita ndi inki yosasuluka, kuyambira pamene kathabwako kadzalekezere kulowa m'nthaka. Pamwamba angathe kujambulapo nkhope. Akazike pamalo athyathyathya, kutali ndi khoma komanso mitengo, chifukwa mphepo imaunjika chipale pafupi ndi zinthu zoterozo. Aziwerenga m'mawa uliwonse chisanasungunuke n'kulemba m'kope. Ndingakonde kuti asungunulenso china m'chitini, aone okha kuti kawirikawiri masentimita 10 a chipale amatulutsa madzi pafupifupi sentimita imodzi yokha.