Masitepe otamuka aja a mu Vertigo

Achimwene mwafunsa ngati masitepe amene amaoneka ngati akutamuka mu Vertigo anapanga ndi kompyuta, komanso ngati filimuyo ndi yoti munthu n'kutayirapo maola awiri. Kompyuta ayi ndithu, filimu imeneyi ndi ya 1958, Alfred Hitchcock ndi anyamata ake anapanga zonsezo ndi kamera basi.

Chimachitika ndi ichi, kamera amaiika pa kangolo kamateyala n'kumaiyendetsa, nthawi yomweyo wina akupotokola zumu molowera kosemphana ndi kumene kamerayo ikupita. Zikagwirizana bwinobwino, chinthu chili pafupi chimakhalabe saizi yomweyo koma chakumbuyo chimathawa kapena kukuyandikira, maso amasokonezeka nde umangomva chizungulire uli pampando. Amaitcha dolly zoom, ena amangoti Vertigo effect, ndipo amene amatchulidwa kuti anaitulukira ndi wojambula wina dzina lake Irmin Roberts. Chimandiseketsa n'choti masitepewo sanali enieni nkomwe, anakhoma timasitepe tating'ono n'kutigoneka chammbali pansi poti kukweza kamera m'mwamba moimirira kukanadya ndalama zambiri. Ngakhale nsanja ya belu imene muli masitepewo, ya pa tchalitchi chakale cha Mission San Juan Bautista, inali yochita kujambula, panthawiyo pamalopo panalibe nsanja yotero.

Koma ine chimene ndimaikondera si ukatswiri wokhawo ayi. Scottie, mwini nkhani mufilimuyi, amene akuseweredwa ndi James Stewart, ndi wapolisi wa ku San Francisco amene wasiya ntchito mnzake atagwa kuchokera padenga iye akuona, kuyambira pamenepo malo okwera amamuopsa koopsa. Nde Hitchcock akanatha kungotionetsa nkhope ya munthu akututumuka, thukuta kamukamu, ife n'kumati aa bamboyu akuopa. M'malo mwake akutiika m'maso mwa Scottie momwemo, akasuzumira pansi iwenso wasuzumira, pansipo n'kuthawa, mtima kuti phaa. Masekondi ochepa chabe komatu ndi okwanira kuti umvetse chifukwa chimene miyendo yake ikukanira kukwera pamene akufunika kuthamangira Madeleine, mkazi amene wamukonda, pamwamba pa nsanja paja.

Zoti ndi yochedwa sindikana, pali chigawo chachitali chimene Scottie akungomutsatira Madeleine, amene akuseweredwa ndi Kim Novak, pagalimoto m'misewu popanda wolankhula, kumangomveka nyimbo za Bernard Herrmann, ngati munazolowera zowomberana mugona ndithu. Pirirani mpaka pansanja paja. Itangotuluka anthu sanaitengeke nayo kwenikweni, koma mu 2012 akatswiri ovotera m'magazini ya Sight and Sound anaiika nambala wani kuposa filimu yotchuka ya Citizen Kane. Ine pamenepo ndimaona ngati anawonjezako pang'ono, Rear Window, filimu ina ya Hitchcock yemweyo, imandikomera kuposa, koma izo ndi zanga.

Wopanga mafilimu wina, Spielberg, anabwerezanso njira yomweyi mu filimu ya Jaws ya 1975, pankhope ya Roy Scheider ali m'mbali mwa nyanja. Mukhoza kuyesa ndi foni yanu, muimike mwana pakhonde lalitali, muyambe mutazuma kwambiri kenako muziyenda kumuyandikira uku mukubweza zumu pang'onopang'ono, bola dzanja lisanjenjemere.